Chenji cha Aroma

Lachiwiri lililonse, ndikawamwetsa mapilitsi a masana,
a Maltby amaloza chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati.
Mulibe bisiketi. Muli mafumu
mazana atatu ndi mphambu, iliyonse m'kaenvelopu kake,
nkhope zobiriwira ngati ndere.

Anawatola okha m'minda ya kuseri kwa Ancaster
miyendo idakali yawo,
akulondola mapazi a thalakitala ndi kamakina kolira m'makutu.
Lero maso achita nkhungu.
Ndiye maso ndine, Ndaziona wa ku Ntcheu,
amene ndinabwerera kusintha zofunda ndi kuyeza shuga.

"Usapale," amatero. "Mswachi wofewa basi.
Dothi lakhala nako zaka chikwi ndi mazana asanu ndi limodzi,
silingakulekere lero lomwe."

Ndimakapendeketsa pansi pa nyale,
kakhobidi kamkuwa kosaposa chikhadabo changa.
Mutu wayang'ana kuti? Kumanja.
Wavala chiyani? Nkhata ya masamba.
Ayi, dikirani, ndi mikanda, mizere iwiri.
Tembenuza.
Msilikali wawerama, mkondo ukulasa munthu wogwa ndi kavalo.
Wogwayo watambasula dzanja
ngati akuti, achimwene, tiyeni tikambirane.
M'mphepete zilembo zaguluka mano: FEL TEMP,
zinazo nthaka inadya.
A Maltby kuseka mpaka kutsokomola:
"Akuti nyengo zabwino zabwerera."
Ndinati mawu amenewo ndikuwadziwa,
kwathu amabwera pa galimoto ya chimkuzamawu
zaka zisanu zilizonse, pamodzi ndi zitenje.

Chinsinsi chimakhala pansi,
kunsi kwa kamzere kamene msilikali wapondapo:
zilembo zitatu, zinayi, zoulula kumene kanasulidwa.
TRP ndi ku Trier. Kuli ta ku Lyon, ta ku Arles.
Koma kamene ndimakakonda ine kalibe kwawo.
Mfumu yake mphuno ngati khasu,
kavalo ngati mbuzi ya m'chilala,
zilembo ndi timitengo chabe tondandalikidwa
ndi munthu amene sankatha kuwerenga
koma ankadziwa kuti pamsika pasowa chenji.
Pakhadi pake analembapo kale: chokopera, cha konkuno.
Ine ndimati m'bale wanga ameneyo,
anatengera zimene anaona, ana ake nadya.

Zagolide sizitipeza ife.
Izi ndi zogwa m'thumba lobooka pobwera kogula mchere,
mwini wake n'kupapasa m'matope, n'kutukwana, n'kumapita.
Mwina sanawerame n'komwe.

Sabata yatha, ndikufuna kiyi m'chikwama,
chala chinalowa pong'ambika nsalu yam'kati
n'kutulutsa wani tambala.
Mmene inakwerera ndege sindikudziwa.
Kwathu ngakhale mwana angaidumphe panjira.
Ndinaiika m'dzanja lawo osanena kanthu.
Anaisisita nthawi yaitali, khosi lili chopendekera.
"Mkuwa. Mutu wayang'ana kumanja. Kuseriku kuli mbalame.
Iyi sinagone m'dothi. Ndi ya mfumu iti?"
Ndinati nayonso inapita.
"Nanga inkagula chiyani?"
Ndinaganiza kaye. Mayi ankati switi,
nthawi yawo.

Anati nditenge envelopu yatsopano.
Ndinalemba monga anandiphunzitsira:
chaka, kulemera, kukula kwake,
koma pa mzere wofunsa kumene inapezeka
ndinaima, cholembera chili m'malere.
Kunja kamvula kawo kosatha kaja
kanali kuwaza pa munda wongogalauzidwa kumene,
akhwangwala akuno, opanda kolala yoyera,
akuyendera mzere ndi mzere ngati nawonso ataya kanthu.

"Lemba Ancaster," anatero.
"Onse ali m'chitinimo anachokera kutali."

Ketulo inazima yokha kukhitchini.
Ndinatseka chitini, n'kusamba m'manja,
nthawi ya jakisoni inali itapitirira ndi mphindi khumi.